Masamoni a katapila si othawa

Makhadi a ngongole a kubanki ndi a anthu owerengeka m'tauni. Pa Neno Boma chosowetsa tulo amalonda ndi katapila. Wogulitsa mbatatesi amakongola K100,000 kuti akapikule ku Dambe, mvula n'kuwononga msewu, katundu n'kuwolera m'matumba. Pakutha pamwezi mwini ndalama akufuna K150,000, apo ayi akaonana kukhothi.

Ambiri akamva zimenezi amazimitsa foni n'kukabisala ku Mwanza kapena ku Zalewa. Kumeneko n'kudzikumbira dzenje. Wonyozera masamoni mlandu umamugwera iye kulibe, kenako masherifu amabwera kudzanyamula katundu. Chonsecho lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khothi mphamvu zounikanso mgwirizano ndi kudula chiwongoladzanja chikakhala chankhanza. Akatapila ena amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amathamangira kuopseza ndi apolisi, pomwe kulephera kubweza ngongole si mlandu wapolisi. Kulanda njinga kapena sikelo popanda chigamulo cha khothi nakonso n'kulakwira lamulo.

Wangongole apite kukhothiko ndi umboni wa ndalama zomwe wabweza kale, ngakhale mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, akapemphe majisitireti kuti azilipira pang'onopang'ono. Wopanda ndalama ya loya angathe kukadandaula ku Legal Aid Bureau.