Chigiriki Chinasungidwa M'buku, Nanga Chingoni Chili Kuti?

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi umenewu ukuwatsutsa anthu a ku Ntcheu lero lino.

Alipo ena amene amaseka akamva kuti pa Kamuzu Academy, sukulu imene Dr Banda anatsegula ku Mtunthama m'chaka cha 1981, mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki chakale. Amati kunali kutaya nthawi ndi chiyankhulo cha anthu akufa. Anthu oterewa adziseke okha.

Chigiriki chakale chikuwerengedwabe chifukwa eniake anachilembera malamulo. Kabuku ka galamala kodziwika ndi dzina la Dionysius Thrax, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 100 Khristu asanabadwe, kanagawa mawu m'mitundu isanu ndi itatu. Mwana amene akuloweza dzina, mneni, mlowam'malo ndi mlumikizi pa sukulu ya ku Sharpevale akumwa pachitsime chomwecho mosadziwa. Ngakhale mawu oti galamala, sukulu, Baibulo ndi mngelo gwero lake ndi Chigiriki. Patapita zaka mazanamazana, aphunzitsi a ku Mangalande monga Abbott ndi Mansfield analembanso mabuku ophunzitsira anyamata chiyankhulocho. M'badwo uliwonse unkapatsira unzake moto.

Nanga Chingoni cha Amaseko? Makolo anachisenza kuchokera kummwera, nawoloka nacho Zambezi. Pamene Inkosi Gomani Chikuse ankaphedwa ndi atsamunda mu 1896, n'kuti chikumvekabe m'mabwalo. Lero chatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mfunda, ndipo ambiri ovina ndi chishango ku Umhlangano sangamasulire zimene akuimba. Mmishonale W. A. Elmslie anasindikiza galamala wa Chingoni cha kwa M'mbelwa mu 1891, koma ndani ku Bwanje kapena kwa Ganya anamuonapo m'manja mwa mwana wa sukulu?

Mlandu si wa Chigiriki ayi. Mlandu ndi wa eni chiyankhulo amene anaganiza kuti nthenga kumutu ndi chikopa kudzanja n'zokwanira kusunga mtundu. Ndipo kholo limene likunyadira kuti mwana wake sadziwa kulemba Chichewa likukumba manda achiwiri.

Adzukulu asadikire boma. Atenge kope ndi cholembera, akakhale pakhonde pa agogo amene akukumbukirabe mawu a Chingoni, alembe liwu lililonse pamodzi ndi tanthauzo lake. Mawu a akulu akoma akagonera, koma osalembedwa amagona ndi mwini wake kumasano.