Owanenepetsa mankhwala asasekedwe

Boma litayamba kugawa ulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV m'chaka cha 2004, anthu ambiri amene abale anali atawataya kale mtima adadzuka pamphasa n'kubwerera kumunda ndi kuntchito. Mankhwala amene ambiri adayamba nawo ndi Triomune, m'bulu wophatikiza stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Adapulumutsa miyoyo, koma kwa ena adasiya chizindikiro chimene akuyenda nacho mpaka lero.

Madokotala amalitcha vutoli lipodystrophy. Mafuta a m'thupi amasokonekera kakhalidwe kake. Amatha kumaso, m'mikono, m'miyendo ndi kumatako, moti masaya amalowa ndipo mitsempha imaonekera. Kwa ena mafuta amaunjikana m'mimba, m'mawere kapena kumbuyo kwa khosi, kumene amapanga kalinunda. Mwa mankhwala atatu aja, stavudine ndiye amadziwika kwambiri ndi kusungunula mafuta, chifukwa amaononga tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu. Kachirombo ka HIV pakokha komanso mankhwala ena akale amathandiziranso kusokonekeraku.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza maiko m'chaka cha 2009 kuti ayambe kusiya stavudine. Dziko la Malawi lidayamba kupereka mankhwala okhala ndi tenofovir kwa amayi oyembekezera m'chaka cha 2011, kenaka kwa ena onse, ndipo mu 2019 padabwera dolutegravir. Komatu kusintha mankhwala sikubweza msanga thupi mwakale. Mafuta akumaso akatha amabwerera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri sabwerera onse.

Apa ndiye pagona nkhani. Mayi wamimba yaikulu koma miyendo yoonda amafunsidwa pachigayo kuti mwana abadwa liti, pomwe alibe pakati. Bambo wolowa masaya amanong'onedwa pamaliro kuti wayamba kutha, chonsecho akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo ali ndi mphamvu zake. Thupi limaulula chinsinsi chimene mwini wake anali ndi ufulu wochisunga. Choopsa n'chakuti munthu wotopa ndi kusekedwa akhoza kuganiza zosiya mankhwala, zomwe zimapatsa kachirombo mpata wochulukana ndi kuyamba kusamva mankhwalawo.

Ena anganene kuti maonekedwe n'chiyani pamene moyo udapulumuka. Maganizo otere ndi operewera. Mafuta ounjikana m'kati mwa mimba si nkhani ya pagalasi chabe, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga ndi a mtima. Amene adayamba ma ARV zaka 20 zapitazo akukalamba tsopano, msinkhu umene matendawa amakonda kugwira. Munthu wotere akapita kukatenga mankhwala sayenera kungokwezedwa pasikelo n'kupatsidwa mabotolo ake. Ayenera kuyezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kufunsidwa momwe akumvera mumtima.

Mwini vutoli alinso ndi mbali yake. Kuyenda ndawala, kugwira ntchito zolimbitsa thupi, kuchepetsa zokazinga ndi zakumwa zotsekemera, komanso kusiya fodya ndi mowa kumateteza mtima ngakhale mimba isaphwe yonse. Asataye ndalama pa tiyi ndi zitsamba zimene amalonda amati zimasungunula mafuta, chifukwa zina zimalimbana ndi ma ARV m'thupi. Akaona thupi likusintha akauze dokotala, osati kudumphitsa mankhwala mwakachetechete.

Udindo waukulu uli ndi achibale, mipingo ndi mafumu. Anthu amene adalimba mtima kukayezetsa magazi nthawi imene Edzi inkatchulidwa monong'ona ndiwo adatsegulira njira anzawo amene lero akumwa m'bulu umodzi patsiku popanda mavuto ambiri. Kuwaseka chifukwa cha khosi kapena mimba n'kusayamika. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.