Kalata kwa Nduna ya Zachilengedwe: Alonda a Nkhalango Alembedwe Udzu Usanaume

Olemekezeka a Nduna,

Ikafika Ogasiti, usiku wa ku Luwani kuno ku Neno umakhala wowala. Moto umaoneka ukukwera mapiri uli ndondondo, ndipo kukacha phulusa limagwera m'zidebe za amayi pamjigo. Woyatsa nthawi zambiri amakhala wosaka mbewa kapena wootcha makala amene wasiya uvuni ukufuka. Ozimitsa ndi eni mudzi, nthambi zaziwisi kumanja, ena opanda ndi nsapato zomwe. Akalephera, udzu wofolerera nyumba ndi msipu wa ng'ombe zimathera pomwepo.

Tchire la kuno lidasenza kale mtolo wolemera. Msasa wa Luwani udasungapo othawa nkhondo a ku Mozambique, udatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016, ndipo anthu onsewo ankafuna nkhuni ndi milimo. Tsanya amene adatsala ndi amene akupsa lero.

A Nduna akudziwa kuti boma lidalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, komanso kuti chaka chilichonse mitengo imadzalidwa kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Mbande imene mwana wasukulu adaithirira miyezi ingapo imapserera tsiku limodzi mu Okutobala. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, koma wogwira woyatsa moto ndani ngati m'nkhalango ya Tsamba mlonda saoneka? Wolambula njira zotchinga moto mu Meyi ndi Juni, udzu ukadali wauwisi, ndi munthu wolembedwa ntchito, wokhala ndi khasu, chikwanje, jombo ndi njinga.

Anthu otere alipo. Koleji ya zankhalango ku Dedza imatulutsa achinyamata amene ambiri angokhala pakhomo, pomwe nthambi ya zankhalango ikudandaula kuti antchito ndi ochepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mapepala olembera anthu amachedwa m'maofesi a ku Lilongwe, moto wosadikira.

Za ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala 53,000 imene moto waisakaza chaka ndi chaka, palibe wosazidziwa. Kunonso mapiri akayera, Lisungwi amakokolola dothi kukathira mu Shire, matope n'kukafika pamakina amagetsi ku Kapichira.

Anthu a ku Luwani akupempha a Nduna kuti malo a alonda opanda anthu adzazidwe msanga, ndiponso kuti anyamata ndi atsikana a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango azilembedwa ganyu yozimitsa moto chilimwe chonse. Chonde, zichitike Juni asanathe.

Wokhala ku Luwani, Neno