Chikuku si matenda a ana okha

Ambirife tinakula tikumva kuti chikuku ndi matenda a makanda, akulu sichiwakhudza. Koma mliri wa 2010 utabuka m'Malawi muno, anthu oposa 130,000 adadwala, ndipo oposa 300 adamwalira. Mwa odwalawo munali anyamata ndi atsikana akuluakulu ndithu.

Kwa Nazombe ku Phalombe, anthu amadutsa malire a Mozambique tsiku ndi tsiku, kumsika wa Chiringa n'kodzaza. Kachilombo ka chikuku kamakonda malo otere. Wodwala akakhosomola, kamakhala mumpweya mpaka maola awiri. Mwa anthu 10 osabayitsa katemera amene ayandikana naye, 9 amatenga.

Chimayamba ngati chimfine wamba: kutentha thupi kwambiri, chifuwa, mamina, maso ofiira otuluka misozi. M'kamwa, mkati mwa masaya, mumaoneka timadontho toyera. Pakapita masiku atatu kapena anayi, totupa timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, n'kutsikira thupi lonse. Chovuta n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake masiku anayi totupato tisanatuluke, akuganiza kuti ndi chimfine basi.

Totupa timatha tokha. Choopsa ndi zobwera pambuyo pake. Chibayo ndicho chimapha ana ambiri odwala chikuku. Ena amatsegula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi, ena khutu limatuluka mafinya n'kugontha, ena amachita khungu, makamaka ana onyentchera. Nthawi zina ubongo umatupa. Akulu chimawagwira mwamphamvu, ndipo mayi woyembekezera akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wosakwana masiku.

Ndiye musatsekere mwana m'nyumba kudikira kuti "chituluke chonse", ndipo musamuthire mankhwala azitsamba m'maso. Pitani naye kuchipatala, mukawauze azaumoyo msanga kuti mukukayikira chikuku, kuti asakhale pamzere ndi makanda ena. Kumeneko amapereka vitamini A woteteza maso. Akamapuma mobanika, kukomoka, kapena kukana kuyamwa, musadikire kuche.

Katemera ndi waulere kusikelo: woyamba pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Wachiwiriyu ndi amene makolo ambiri amaiwala mwana akangoyamba kuyenda. Ngati kabuku ka sikelo kanapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, musachite manyazi, kafunseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Nanga inuyo, mudabayitsa? Afunseni amayi lero lomwe.