MADAMBO A KU KANHA ANALI MINDA YA ANTHU

Mlungu uno tiyambe taika makasu pansi, ndikutengeni pa ulendo wa ku India, ku nkhalango yosungiramo nyama yotchedwa Kanha. Musati ndasokera. Nkhaniyi ndi ya nyama zakutchire, koma mukaimva bwino mupezamo mlimi mnzanu.

Kanha ili m'chigawo cha Madhya Pradesh, pakati penipeni pa dziko la India, m'maboma a Mandla ndi Balaghat. Boma linaikhazikitsa m'chaka cha 1955, ndipo mu 1973 inakhala imodzi mwa nkhalango 9 zoyamba kupatulidwa kuti zisunge chilombo chimene Angerezi amati tiger. Ameneyu si nyalugwe wathu wamaangamaanga uja amaba mbuzi m'khola. Ndi kambuku wamkulu wa mizere yakuda, ndipo wamphongo amatha kulemera kuposa matumba anayi a chimanga. Kuno ku Africa m'tchire mulibe.

Tiyerekeze kuti mwaganiza zopita. Mudzatsikira mu mzinda wa Jabalpur, ndi kuyenda pa galimoto maola ngati anayi kukafika pa chipata cha Khatia. Nyengo zawo zimasemphana ndi zathu. Mvula imayamba mu Juni, ndipo kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Sepitembala alendo saloledwa kulowa m'katikati mwa nkhalango, popeza misewu imakhala matope okhaokha. Mukapita mu Disembala tengani bulangete, chifukwa m'madambo mumagwa chisanu. Mu Epulo ndi Meyi kumatentha koopsa, koma ndiyo nthawi imene nyama zimasonkhana pa madzi.

Mumalowa mbandakucha, pa galimoto yopanda denga, pamodzi ndi munthu wolondolera njira. Kutsika pansi n'koletsedwa. Wolondolerayo amayang'ana mapazi a kambuku pa fumbi la mumsewu, koma makamaka amagwiritsa ntchito makutu. M'mitengo yaitali ya sal mumakhala apusi a nkhope zakuda otchedwa langur. Pansi pake pamadya agwape a mathothomathotho oyera otchedwa chital, akutola masamba ndi zipatso zimene apusiwo agwetsa. Pusi akaona kambuku ali pamwambapo amakuwa mwaukali, gwape nayenso n'kulira, ndipo woyendetsa amazimitsa galimoto, nonse muli chete. Nthawi zina chilombocho chimatulukira mu nsungwi, n'kudutsa msewu osakuyang'anani n'komwe. Nthawi zambiri mumangodikira, osaona kanthu. Akambuku alipo oposa 100, koma katikati mwa nkhalangoyi mokha ndi masikweya kilomita 940, ndipo kambuku sabisalira mlendo yekha, amabisalira nyama zonse.

Komabe simudzabwerako manja lende. Mudzaona njati za kumeneko zotchedwa gaur, zazitali kuposa zathu, miyendo yoyera ngati zavala masokosi. Mudzaona nguluwe, nkhanga za michira yaitali zimene amati pikoko, mwinanso agalu akutchire ofiira akusaka m'gulu.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna muimepo. Pakati pa mitengo mudzatulukira pa madambo aakulu a udzu, okongola ndithu, mmene alendo amajambula zithunzi zambiri. Mlendo wa mu mzinda amayesa kuti malowo anali choncho chiyambire. Koma inu amene munaswapo mphanje mudzadabwa: nanga bwanji nkhalango yowirira yotere yasiya malo oyera, a nthaka yabwino, pafupi ndi madzi? Yankho lake ndi lakuti ambiri mwa madambowa anali midzi ndi minda. Munkakhala anthu a mitundu ya Gond ndi Baiga. Ankalima mpunga ndi mbewu zing'onozing'ono zonga mawere zotchedwa kodo ndi kutki, ndipo ena ankaweta ng'ombe.

Chimene chinawachotsa poyamba si kambuku ayi, koma gwape wina wotchedwa barasingha, dzina lotanthauza nyanga khumi ndi ziwiri. Nyanga zake zili ndi mphandamphanda ngati nthambi, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso, zimene mbawala zathu sizichita. Nyama imeneyi imadya udzu pafupifupi wokhawokha, ndipo imabisa ana ake mu udzu wautali. Udzu utatha ndi ng'ombe ndi moto, alenje akuphanso, pofika mu 1970 ku Kanha kunatsala barasingha 66 basi, ndipo mtundu wa kumeneko sunkapezeka kwina kulikonse pa dziko.

Mudzi wa Sonf ndiwo unayamba kusamutsidwa, m'chaka cha 1969. Minda yake inasanduka msipu. Oyang'anira nkhalango anamanganso mpanda waukulu, naikamo barasingha ena kuti aswane popanda kugwidwa ndi zilombo, monga momwe inu mumasungira nkhuku ya anapiye m'chikwere poopa mphamba. Zinatheka. Agwapewo anachuluka mpaka kupitirira 800, ndipo ena anatengedwa kukayambitsa gulu latsopano ku nkhalango ya Satpura. Pambuyo pa Sonf midzi ina yoposa 25 inasamuka. Msipu utachuluka nyama zodya udzu zinachuluka, ndipo kambuku, amene amafuna nyama yaikulu pafupifupi imodzi pa mlungu, anapeza chakudya. M'dziko lonse la India akambuku anawerengedwa 1,827 mu 1972, ndipo mu 2022 chiwerengero chinafika 3,682.

Chodabwitsa n'chakuti dambo lopanda mlimi silikhala dambo. Mitengo imayamba kulowerera, ndiponso tchire lija la minga ndi timaluwa tamitundumitundu lotchedwa lantana, limene ngakhale kwathu kuno limaononga msipu. Choncho antchito a nkhalango amazula tchirelo, amadula timitengo, ndi kutentha zigawo zina pa nthawi yake. Ntchito imene kale inkachitika ndi khasu ndi ng'ombe za m'mudzi, tsopano boma limailipira.

Nanga osamukawo? Kuyambira mu 2008 boma la India linkapereka marupi 1,000,000 kwa banja lovomera kuchoka m'katikati mwa nkhalango za akambuku, ndipo mu 2021 linakweza kufika pa 1,500,000. Banja likhozanso kusankha kupatsidwa munda ndi nyumba m'malo mwa ndalama. Alipo amene anapeza sukulu ndi chipatala pafupi, nakondwa. Aliponso, makamaka mwa a Baiga, amene anadandaula kuti anakakamizidwa, ndipo ndalama zitatha anatsala opanda munda, opanda nkhalango yotolamo maluwa a mtengo wa mahua, uchi ndi mankhwala. Ine monga mlangizi ndikadafunsidwa ndikadati tengani munda. Ndalama ya nthawi imodzi siibala chaka chamawa.

Potuluka pa chipata madzulo, yang'anani minda ya m'malire. Mudzaona zilindo za nsanja zazitali, zonga zimene amamanga anzathu a pafupi ndi nkhalango ya Kasungu kapena ya Liwonde. Mpunga ukayamba kucha, bambo amagona momwemo kuingitsa nguluwe ndi agwape, pakuti nyama sizidziwa pamene boma linalemba malire. Lamulo la kumeneko limanenanso kuti ziweto zonse za pa mtunda wa makilomita 5 kuchokera ku nkhalango zizilandira katemera, kuti matenda a ng'ombe asalowe mwa njati.

Ndipo kambuku akagwira ng'ombe yodya m'malo ololedwa, mwini wake amakanena kwa mlonda wa nkhalango, amene amabwera kudzaona ndi kulemba, kenaka boma limalipira. Chifukwa chake n'chodziwika. Kambuku samaliza ng'ombe tsiku limodzi, amabwerera pa nyama yake usiku wotsatira, ndipo mlimi wopsa mtima akathira mankhwala a mbozi pa nyamayo akhoza kupha make pamodzi ndi ana. Choncho mwini ng'ombe amapemphedwa kuisiya pomwepo osaikhudza, kuti amene anaipha adzaimalize.