"Pepani" Asasanduke Chitseko

M'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lino, ndipo mu 1972 padakhazikitsidwa Bungwe la Chichewa loti lilongosole kalembedwe kake. Chiyambire nthawi imeneyo ana ambiri aphunzira kulemba molondola mawu monga "odi", "chonde", "zikomo" ndi "pepani". Funso lathu ndi ili: kodi ntchito ya mawuwa tikuidziwabe?

Liwu lililonse mwa awa lili ndi udindo wake. Wonena "odi" amavomereza kuti khomo ali nalo pafupi lili ndi mwini wake, ndipo salowa asanayankhidwe. Wonena "chonde" amavomereza kuti akupempha, sakulamula. "Zikomo" timathokozera, komanso timapemphera njira podutsa pamaso pa akuluakulu. "Pepani" amanena wolakwa, amanenanso wosalakwa: pamaliro, pa matenda, ngakhale mnzathu akangopunthwa. Tanthauzo lake n'lakuti vuto la mnzathu latikhudza.

Tsono n'zomvetsa chisoni kuona kuti m'maofesi ena "pepani" wasanduka chitseko chotsekera anthu kunja. Mayi wokalamba wayenda mtunda wautali, walipira basi, wadikira pabenchi kuyambira m'mawa, kenaka kalaliki, osadzutsa n'komwe mutu, akuti: "Pepani, mubwere mawa." Pepani wotere ndi wapakamwa chabe. Wochokera mumtima amafotokoza chifukwa chake, amatchula tsiku lenileni ndi mapepala oyenera kubwera nawo, kuti munthu asayende kawiri pachabe.

Chimodzimodzinso ndi "iwe". Liwuli n'la mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi. Yunifolomu kapena tebulo la mu ofesi silipatsa munthu ufulu wonena "iwe" kwa wamkulu. Akhale wosavala nsapato, akadali "inu", "bambo", "mayi", "a Phiri" kapena "a Nabanda".

Kwa aphunzitsi tikuti: kuwongola mtengo m'poyamba. Mwana saphunzira ulemu pa bolodi pokha, amauphunzira pa zimene akuona. Mphunzitsi amene anena "zikomo" kwa mwana wofufuta bolodi, ndi kunena "pepa" akamudzudzula molakwa, sataya ulemu wake ayi, koma amauchulukitsa.

Tikupempha tsono akuluakulu a m'maofesi ndi a m'sukulu kuti ayambe ndi iwo eni, popeza aang'ono amatengera akulu. Mawuwa sagulidwa ndi tambala ndi imodzi yomwe, koma munthu akamanidwa, amabwerera kwawo atachepetsedwa.