ZA PA SONGANI: Alendo a kudenga osalipira lendi

Lero za kukwera kwa mitengo ya katundu ndi za chiphaso cha khonsolo tiyambe taziika pambali. Ndili ndi nkhani ya kunyumba kwanga pa Songani, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu amene mukugona m'nyumba za malata zokhala ndi siling'i mukaimva muziti munthuyu anabwera liti kwathu.

Geni itayamba kuyendako pang'ono, ine ndi mayi a kunyumba tinati basi, nafenso tikalowe nyumba ya siling'i ngati anthu. Tinaipeza chakumtunda kwa msewu wa ku Liwonde, poyang'anana ndi phiri. Ya zipinda zitatu, pansi pa simenti. Chipinda chimodzi ndinachisandutsa sitolo yosungiramo mpunga umene ndimapikula kwa alimi a ku Domasi nthawi yokolola, kuti ndizigulitsa pang'onopang'ono mtengo ukakwera. Mpamba wanga wonse unali m'matumba amenewo.

A landilodi anatiuza za lendi, za madzi ndi za magetsi. Chimene anaiwala kutiuza n'chakuti kudenga kunali kale alendi anzathu, ndipo iwowo salipira ngakhale tambala.

Usiku woyamba tinangomva tswii! tswii! kwinaku zikukwasakwasa pamwamba. Ine ndinati ndi makoswe, mawa ndigula msampha. Koma mvula itayamba ndi kutentha kwa mu Disembala, nyumba yonse inayamba kununkha fungo loti ukalowa kuchokera panja maso amachita kuyabwa. Pa siling'i panatuluka mabanga achikasu, bolodi limodzi n'kuyamba kulendewera ngati mimba ya munthu wakhuta gaga. M'mbali mwa khoma munkagwa timbewu takuda tonga mpunga wopserera. Mukatipsinya timanyenyeka n'kumaoneka tonyezimira, pamene zitosi za khoswe zimakhala zolimba. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti eni nyumba enieni ndi mileme.

Chimene chinandipweteka mtima chinachitika mu Januwale mumsika wa Zomba. Mayi wina, kasitomala wanga wa zaka zambiri, anatapa mpunga m'manja, kununkhiza, n'kuubweza. Amvekere: "Achimwene, mpunga uwu mwausunga m'khola la nkhunda kapena?" Anapita kukagula kwa mnzanga wa benchi loyandikana nalo. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti matumba awiri a pamwamba anali atadontheredwa mkodzo. Awo anathera kwa woweta nkhuku, pa mtengo woti sindingautchule pano kuopa kulira pagulu.

Tsono inu mukudziwa kuti vuto likagwa pakhomo, madokotala amachuluka kuposa odwala.

Woyamba anali mlamu wanga. Ati: "Alamu, nkhani yaing'ono iyi. Tengani mbaula, muikepo tsabola wouma ndi kachidutswa ka tayala, muikweze kudenga." Safunsa anadya phula, koma nayenso wofunsa pena amadya phula lomwelo. Tinachitadi. Amene anatuluka m'nyumba ali chitsokomolere ndi misozi chuchuchu ndife, ana ndi mphaka yemwe. Khala limodzi linagwera pa bolodi, mwamwayi mayi a kunyumba anali ndi ndowa ya madzi pafupi. A landilodi atamva anabwera mkwiyo uli pamphuno n'kundikumbutsa kuti m'nyumba ya mwini saotchera mbewa. Nanga mileme? Inachoka masiku awiri, lachitatu inabwerera ndi abale ake.

Wachiwiri anali mnzanga wogulitsa mankhwala a makoswe. Iye anati tipopere poizoni kudengako. Pamenepo ndinakana, chifukwa ndinali nditaona kale zimene zinachitika kwa neba wina amene anatero. Mileme inafera m'malo osafikika, nyumba inanunkha chivundi mwezi wathunthu, mphutsi zikugwa pa siling'i, ndipo tinsikidzi timene timakhala pa milemeyo, titasowa poyamwa, tinatsikira kuchipinda kukayamwa eni nyumba. Onjezani apo kuti pansi pa denga lomwelo pali ufa, mpunga ndi ana. Poizoni amene mwapopera mmwamba amatsikira mumphika mwanu.

Wachitatu ndiye anandiopsa. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza: "Akulu, mileme siibwera yokha. Taonani gogo uja wa kuseri kwanu, bwanji kwake kulibe?" Abale, gogo ameneyo amagona m'kanyumba kaudzu kopanda siling'i, kotsika koti mleme sungapezemo pobisala. Ndiye kulakwa kwake n'kusauka? Nkhani zoterezi zimayamba ngati zocheza koma mathero ake ndi maliro. Tisaiwale za mu 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu olusa. Ndipo dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kunena za mileme yoyamwa magazi, iliko ndithu, koma kwawo ndi ku Mexico, Brazil ndi maiko a chigawo chimenecho. Mu Africa monse muno mulibe ngakhale umodzi.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amagula mpunga kwa ine mwezi ukatha. Nditamudandaulira anaseka kaye, kenaka anati: "Mwana wanga, mleme suuthamangitsa. Umaudikira utuluke wokha, iwe n'kutseka chitseko." Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho zimene anandiphunzitsa ndi zimene ndinaona ndi maso angawa ndikugawireni ulere.

Choyamba, mudziwe mlendo wanu. M'Malawi muno muli mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo a bungwe la African Bat Conservation akhala akuifufuza ku Lilongwe ndi ku Liwonde. Ikuluikulu ija ya nkhope ngati kagalu, imene imadya mango ndi nkhuyu, kawirikawiri imagona m'mitengo ndi m'mapanga. Ndi ya mtundu umenewo imene imasonkhana mamiliyoni ku nkhalango ya Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira mu Okotobala mpaka Disembala, azungu n'kumalipira ndalama zankhaninkhani kukaiona. Ya kudenga kwathuyi ndi ing'onoing'ono, ya kamchira ngati ka mbewa, yolemera magalamu 10 mpaka 30 basi, ndipo chakudya chake ndi tizilombo touluka. Mpunga wanu, chimanga chanu, mawaya a magetsi, siikhudza. Imakonda malata chifukwa ndi otentha bwino polerera ana, ndipo imakonda nyumba zazitali chifukwa pouluka imayamba yadzigwetsa kaye. Kampata koti mungolowetsamo chala kamaikwanira.

Chachiwiri, nthawi. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mileme imeneyi imaswa nyengo yotentha ndi ya mvula, pamene tizilombo tachuluka, ndipo uliwonse umabala mwana mmodzi pa nthawi. Make akapita kosaka usiku, mwanayo amatsala kudenga chifukwa sanayambe kuuluka. Mukatseka mabowo mu Januwale, ndiye kuti mwatsekera ana mkati, afera momwemo, fungo lija libwerera kawiri, ndipo amayi awo azizungulira nyumba mpaka kulowera pawindo. Mphunzitsi uja anandiuza kuti ndidikire nyengo yozizira, Juni kapena Julayi. Kunali kowawa kudikira miyezi isanu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpunga wotsala ndinausamutsira kwa mlamu uja, kuti naye alipireko mlandu wa tsabola.

Chachitatu, kazitape. Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri la Zomba, imikani anthu pa ngodya zonse za nyumba, aliyense maso kudenga. Mutu umodzi susenza denga. Ife tinaima anayi kwa masiku atatu, ndipo tinapeza makomo atatu: awiri pamene malata amakumana ndi khoma, limodzi pansonga pa denga. Masana mungathenso kuwazindikira poona pamene khoma lada ndi mafuta a m'thupi mwawo, pansi pake pali zitosi. Mwana wanga anawerenga mpaka 140 n'kusokonezeka.

Chachinayi, tsekani mipata ina yonse ndi simenti, matope osakaniza ndi mchenga, kapena waya wa sefa, koma makomo akuluakulu aja muwasiye. Pa khomo lililonse muikepo chitseko chotulukira chokha. Sichofuna ndalama. Dulani botolo la pulasitiki mbali zonse ziwiri, kapena kachidutswa ka paipi yosalala kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, mulowetse pabowopo kukamwa kutaloza pansi, m'mbali mwake mumate bwino. Mleme umatsetsereka n'kutuluka, koma pobwerera m'bandakucha umalephera kukwera chifukwa n'poterera. Ena amakhomera neti kapena pepala la pulasitiki pamwamba ndi m'mbali mwa bowo, kumunsi n'kusiya kolendewera. Nazonso zimagwira.

Musiye choncho sabata yathunthu, chifukwa kukazizira si yonse imatuluka usiku uliwonse. Mukaona kuti madzulo awiri atatu otsatizana palibe chotuluka ndipo kudenga kuli zii, chotsani mabotolo aja n'kumata mabowo. Amene ali ndi kangachepe angathe kuikako lata limodzi kapena awiri oonekera kuwala, poti mileme imadana ndi malo owala.

Chachisanu, kusesa, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse chifukwa phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. M'zitosi za mileme zokhalitsa mumatha kumera nkhungu imene fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa nthenda yotchedwa histoplasmosis. Zizindikiro zake, kutsokomola, kutentha thupi ndi kuonda, zimafanana ndi za TB, ndipo imavuta kwambiri kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Choncho musatume mwana, mayi woyembekezera kapena munthu wodwaladwala. Wazani madzi kaye kuti fumbi lisabuke, valani chotseka pakamwa ndi pamphuno, magolovesi kapena majumbo m'manja, muwolere m'matumba. Poyenda kudengako pondani pa mitanda, osati pa bolodi, mungatsikire pabalaza musanakonzeke. Ine ndinatsitsa ndowa zisanu ndi imodzi. Ndinazikwirira m'dimba, ndipo mpiru umene unamera pamenepo anthu ankachita kufunsa kuti feteleza wake ndagula kuti.

Chinanso, mleme musaugwire ndi manja. Ukagwa pansi masana, kawirikawiri ndiye kuti ukudwala. Uvundikireni ndi chitini, ana ndi amphaka atalikire. Zoona, chiwewe chambiri kuno kwathu chimachokera kwa agalu, koma mileme ina imakhala ndi kachilombo kapachibale ndi ka chiwewe. Ku South Africa bambo wina anamwalira nako mu 1970 atalumidwa ndi mleme, winanso mu 2006 atangokandidwa. Mano ake ndi ang'ono, bala silioneka bwino, koma musaderere. Tsukani pabalapo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangani tsiku lomwelo kuchipatala, kaya pa Domasi kaya ku Zomba Central, mukanene kuti wakulumani ndi mleme. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangoipha yonse tithane nazo. Ndinafunsanso chimodzimodzi. Yankho lake lili m'munda. Mleme woyamwitsa umatha kudya tizilombo tolemera pafupifupi ngati thupi lake usiku umodzi: agulugufe a usiku, tizikumbu, ngumbi ndi udzudzu womwe. Agulugufe amenewo ndi amene amaikira mazira oswa mbozi. Mukukumbukira ntchemberezandonda zachilendo zija zimene zinasakaza chimanga mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi? Kholo la mbozi imeneyo ndi gulugufe wouluka usiku, nthawi imene mbalame zili m'tulo, ndipo mlonda amene ali maso nthawi imeneyo ndi mleme. Alimi a makademiya ku Limpopo m'dziko la South Africa amachita kuikhomera timabokosi pa mitengo kuti ikhale pafupi ndi minda yawo. Ife a geni ya mpunga, chimanga ndi tomato, katundu wathu amachokera kwa mlimi. Mbozi zikachuluka kumunda, pa benchi pathu mtengo umakwera, makasitomala n'kumatitukwana ife. Mdani wanga sanali mleme, koma bowo la padenga.

Kwa a landilodi onse a pa Songani, Chinamwali, Matawale ndi kwina konse, mawu anga ndi awa: mmisiri akamamaliza nyumba, muuzeni amate mpata wa pakati pa khoma ndi malata. Ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi thumba limodzi la simenti, pamene kusintha siling'i yovunda ndi ndalama ya lendi ya miyezi ingapo. Ndipo inu ofuna nyumba, musamangoyang'ana penti masana. Pitaniko dzuwa likulowa, muime panja, muyang'ane kudenga. Mukatero mudziwa ngati mukulowa nokha kapena muli ndi anzanu.

Akuluakulu amasimba kuti kalekale mbalame zikaitanitsa msonkho, mleme unkaonetsa mano n'kunena kuti ine ndine mbewa. Mbewa zikaitanitsa wawo, unkatambasula mapiko n'kuti ine ndine mbalame. Ena mwa aphungu athu, amene gawo 65 la malamulo a dziko lino limawasowetsa tulo, nthano imeneyi amaidziwa bwino kuposa ine. Kusiyana kwake n'kwakuti mleme ukadya usiku wonse, mlimi amapindulako.

Panopa kwathu tikugona tulo tabwino, mpunga wabwerera m'chipinda chake, ndipo kasitomala wanga uja anabweranso, ananunkhiza, n'kugula makilogalamu asanu. Gogo wa kuseri uja ndinamupatsirako mpiru wa m'dimba lija. Madzulo ndikakhala pakhonde ndimaionabe mileme ikuzungulira pamwamba pa minda, ndipo ndimangoti dyani bwino achimwene, koma kogona mukafune kwina.

Tionane sabata yamawa, Mulungu akalola. Malonda abwino nonse.